Rimoti Imene Unatumiza Ija

Kwathu kuno ku Milonde,
Mulanje.

Mwana wanga Rosie,

Ndiyambe ndi moni, zinazo zibwere pambuyo. Wadzuka bwanji kumeneko ku Joni, iwe ndi apongozi anga bambo a ana? Ana ali bwanji? Chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Nanga kuzizira kumene unkadandaula kuja kunapita? Ngati nonse muli bwino ndiye kuti Muluku wakumwamba wagwira ntchito yake, ine ndingothokoza.

Kuno ndilipo. Miyendo ndi yomwe ija, m'mawa imayamba yakana kaye kenako n'kuvomera. Maso akuchita chifunga ngati kwagwa chiperoni. Koma kudya ndikudya, nandolo chaka chino anabereka, makaka ndinayanika okwanira. Za thupi usade nazo nkhawa. Chimene ndakuitanira ndi china.

Amene akulemba ndi Sofiya, mkazi wa Bashiru wokonza mafoni pamsika uja. Ine ndikungoyankhula, iye cholembera chili m'manja. Ndamuuza kuti asakonze kanthu, alembe mmene zikutulukira mkamwa mwanga, zopindika zomwe. Ukaona pena ndabwereza usamunene iye, ndi ukalamba wanga.

Ukudabwa kuti kalata ya chiyani masiku ano a mafoni. Foni ya bambo ako inapita tsiku logawa katundu wa malemu, pamodzi ndi njinga ndi nsapato. Anatenga ndi Fanuel, mwana wa mlongo wawo uja, ndipo nambala yako inali momwemo. Nditamufunsa anati foniyo inagwera m'madzi. Ndamva kuti umaimba pa foni ya Lizzie, mwana wa malemu mkulu wanga, ndiye iye amakuuza kuti amayi ali kudimba, ali bwinobwino. Rosie, kudimba ndinasiya kupita. Usaimbenso kumeneko. Yamba wamva nkhaniyi mpaka kumapeto.

Ndiyambira pamene ukudziwa kale, kuti ndisasokoneze.

Bambo ako a Lenard, tivi ija unawathandiza kugula pamodzi ndi dikoda ndi sola, anaikonda kuposa ine. Marimoti ake awiri aja, ya tivi ndi ya dikoda, anawamanga pamodzi msana ndi msana ndi mphira ya chubu, n'kuwakulunga m'pepala la shuga kuti asalowe fumbi. Munthu wina asakhudze. Ine zaka zonse zija sindinadinepo ngakhale batani limodzi. Akamapita kutchalitchi, m'thumba la mkati la jekete. Akamapita kumsika, momwemo. Ndinkawaseka kuti kodi mukufuna mukazimitse abusa akatalikitsa ulaliki? Iwo amvekere, Emma, chinthu cha m'nyumba chimafuna kapitawo mmodzi. Paja ukapitawo wa ku esiteti sunawachoke mpaka kufa.

Atamwalira, amuna amene anasambitsa thupi anawaveka jekete lomwelo, lakuda lija, poti linali lokhalo labwino. Amene ankatsogolera ndi Fanuel. Ife akazi tinali kwina tikulira. Anthu atabalalika, nyumba itayamba kuchita zii, ndinati ndiyatse tivi ndimveko mawu a anthu. Kufuna marimoti, palibe. Pansi pa mphasa, m'dengu, kudenga, ayi ndithu. Ndinaitanitsa Fanuel. Iye anagwira pakamwa, amvekere, anti, ndinamvadi chinthu cholimba m'thumba la jekete powaveka paja, ndimayesa ndi kabuku ka nyimbo, ndiye ndinati apite nako.

Nkhaniyo inazungulira mudzi wonse. Kumjigo, kumsika, mpaka kwa othyola tiyi, anthu kuseka mpaka misozi, akuti a Lenard apita ndi marimoti awo, kumwamba akasintha okha matchanelo. Nanenso ndinaseka. Iwenso pafoni paja, isanapite, unaseka uku ukulira. Unati amayi musadandaule, ndikutumizirani imodzi yomva tivi iliyonse. Ndikanadziwa, mwana wanga, ndikanati unditumizire bulangeti.

Tiviyo kumbuyo kwake kuli kabatani koyatsira, koma ukayatsa inkangoonetsa buluu, chifukwa bambo ako anaisiya kumbali ya fulashi yawo ya nyimbo za kwaya, ndipo kuichotsa kumeneko kunkafuna rimoti. Ndiye ndinangoiphimba ndi nsalu.

Katundu wako anafika, a dalaivala a ku Joni aja anamusiya pashopu ya Bashiru. Sopo, mafuta odzola, juzi, zonse ndinalandira, zikomo. Rimoti inali m'chikutiro chake cholimba chosatsegula, Bashiru anachita kudula ndi sizasi ine ndikuona ndi maso angawa.

Ndinkayesa ndikangofika nayo kunyumba n'kuloza, basi yayaka. Ndinadina, ndinadina, zii. Ndinabwerera kwa Bashiru kukamuuza kuti mwana wanga amugulitsa yakufa. Anaseka. Akuti agogo, choyamba mulibe mabatire. Chachiwiri, iyi siili ngati zija zobwera ndi tivi yake, iyi ndi ya aliyense, ndiye imafunika kuidziwitsa kaye kuti tivi yanu ndi iti. Ndinati ngati mkamwini watsopano? Akuti eya, ayambe wadziwa apongozi ake asanagwire khasu.

Anabwera masana ena pamodzi ndi Sofiya. Anaika mabatire, n'kutambasula chipepala chimene chinali mkatimo, chodzaza timanambala ngati nyerere zagwera pa shuga. Akuti tivi iliyonse ili ndi nambala yake potengera dzina, ukailowetsa nambalayo rimoti imamva pompo. Anafuna dzina la tivi yathu kutsogolo, kumbuyo, mulibe. Paja bambo ako anakagula ku Milanje kutsidya kwa malire a Muloza, kuthawa mitengo ya ku Limbe, ndipo dzina lake ngakhale Bashiru linamukanika kutchula.

Ndiye anati tiyenda njira yaitali. Anayatsa tivi ndi kabatani kakumbuyo kaja. Anagwira batani lina pa rimoti osalisiya, mpaka kagetsi kofiira kanayaka n'kukhazikika. Kenako analoza tivi n'kumadina batani lozimitsira. Kudina, kudikira. Kudina, kudikira. Akuti kudina kulikonse rimoti ikuyesa chiyankhulo china, tivi ikamva chakwawo izima yokha, ndiye pomwepo tidine lina lotsekera kuti isaiwale. Ndinati ndiye ili ngati ine ndikapita kuchipatala, kuyamba Chilomwe, kenako Chichewa, kenako manja, mpaka wina andimve.

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Chala cha Bashiru chitatopa analandira Sofiya. Nthawi ina tivi inazimadi, koma Sofiya anali mkati mondiuza za mbuzi yake yakuba, chala chinapitirira n'kudinanso. Basi yadutsa. Bashiru anagwira mutu, amvekere, mayi iwe, mbuzi yakoyo yatibweza poyambira! Sofiya akuseka pano, akuti zimenezo tisaike. Ika, mwanawe. Kuseka kwatsala komweku.

Ulendo wachiwiri inagwira. Dikoda sinavute, nambala yake inalipo pachipepala, anangoilowetsa kagetsi n'kuphethira. Kenako Bashiru anayamba kundiphunzitsa. Akuti pamwamba pali mabatani awiri, mukafuna kuyankhula ndi tivi muyambe mwadina ili, mukafuna dikoda muyambe mwadina ilo, mukaiwala mukhala mukukalipira wosalakwa. Akuti mabatire akatha musinthe mwachangu, mukaisiya yopanda kanthu mwina iiwala zonse tiyambirenso. Ine kuwerenga ayi, maso ayi, mabatani onse ofanana ngati nyemba. Ndiye Sofiya anatulutsa kyutekisi wake wofiira wopaka zikhadabo uja n'kudontheza pa mabatani ofunikawo, kuti akauma ndizimva ndi chala. Loyatsira dontho lalikulu, la tivi laling'ono, la dikoda awiri.

Rosie, tsiku limenelo ndinadina ndekha tivi n'kuyaka. Ine Emma. Ndinakweza mawu, kutsitsa, kukwezanso, mpaka Bashiru anati agogo, mabatirewo atha lero lomwe. Atapita ndinatenga pepala la shuga n'kuikulunga, n'kumanga ndi mphira ya chubu, mmene ankachitira bambo ako. Nzeru ina ndinalibe. Moyo wanga wonse ndi mmene ndinaonera rimoti ikusungidwa.

Masiku oyamba inkandizunza. Tsiku lina ndinadina pena anthu onse a mu tivi anasanduka osayankhula, pakamwa kumangoyenda. Ndinakhala choncho mpaka Sofiya anadutsa pochokera kumsika n'kundionetsa batani lobweza mawu. Koma pang'onopang'ono tinadziwana. Mapemphero a m'mawa ndinkawapeza ndekha, nkhani za Chichewa ndekha.

Ana a m'mudzi anayambanso kubwera kudzaonera akaweruka kusukulu. Lizzie yemwe ankabwera ndi lichero lake, kumasankha nyemba maso ali pa filimu. Koma amene sankajomba anali Millie, kamtsikana ka Lizzie ndi mwamuna wake Elson, kaja kanabadwa iwe utapita kale. Kankakhala pamapazi anga n'kumati agogo, ikani zovina. Pena ndinkakapatsa kuti kadine kokha, chifukwa ine ndikudziwa mmene zimawawira kuonera chinthu m'manja mwa wina. Ndi kameneko kanakanena kwawo, mosadziwa kanthu, kuti rimoti ya agogo aamuna yabwerera, ili m'pepala lake lomwe lija.

Poyamba zinali nthabwala. Kumjigo akazi ankandifunsa, a Emma, mwakatenga liti? A Lenard anakupatsani mwamtendere kapena munachita kulimbirana? Ine n'kumaseka nawo, n'kumayankha kuti munthu uja mumamudziwa, anakana, ndinachita kumugwira pakhosi. Pakamwa panga pomwepa, Rosie. Ndinkayesa tikucheza.

Kenako Millie anadwala. Thupi kutentha, kusanza, maso kutembenuka. Ndinauza Lizzie kuti thamanga naye kuchipatala, awa ndi malungo aja okwera kumutu. Iwo anayamba apita kaye kutsidya, kwa munthu wina amene amati amaona zobisika. Pamene amafika kuchipatala mwana anali atafooka kale. Sanabwerere wamoyo.

Ndinapita kusiwa monga agogo ake. Nditangolowa, nyimbo inaduka pakati. Akazi anasunthira uko, ine ndinatsala ndekha pamphasa ngati ndili ndi mphere. Lizzie, amene ndinamulera ndekha mkulu wanga atamwalira, amene ndinamumangira nsalu tsiku la chinamwali chake, anadzuka n'kuloza pakhomo.

Kunja Elson ankakuwa. Akuti analowa awiri m'manda, yatuluka imodzi yogwira ntchito ya onse awiri, zimenezi zinachitikapo kuti? Akuti munthu wa kutsidya uja anawauza kuti mwanayu anagwira chinthu cha kumanda. Akuti madontho ofiira aja aliyense akudziwa kuti si kyutekisi. Akuti ndipo mwini wake anavomera yekha kumjigo, akazi onse anamva. Ndinabwerera kunyumba osaona ngakhale bokosi la mwana amene ankagona tulo pamapazi anga.

Bashiru anayesetsa, Muluku amukumbukire. Maliro atatha anapita pabwalo la Elson abale onse ali pomwepo. Anati ine ndinatsegula chinthu chimenechi ndi manja anga, chinachokera ku Joni kwa Rosie, zoterezi ngakhale kumsika wa Limbuli zimapezeka, zimamva tivi iliyonse ukaziphunzitsa. Elson amvekere, iliyonse? Ngakhale yanga? Bashiru, ndi chilungamo chake chija, anati ngakhale yanu. Elson anati ndiye ibwere tione.

Ananditumiza kukaitenga. Elson anayatsa tivi yake n'kutsegula chitseko, ine anandiimika panja pabwalo, akuti lozani, dinani. Bashiru anati dikirani ndifotokoze kaye, koma ine ndi mantha chala chinali chitafika kale pa dontho lalikulu lija. Tivi ya Elson inazima.

Bashiru anakuwa kuti n'chifukwa choti ndi zamtundu umodzi, a Elson munapita limodzi ndi malemu kukagula ku Milanje, shopu imodzi, chiyankhulo chake n'chimodzi! Palibe amene anamva. Akazi ananyamula ana n'kuthawira kuseri. Wina amvekere, akuzimitsa za m'nyumba za eni iye ali panja, nanga kamwana kangamukanike? Elson anamukankha Bashiru pachifuwa, akuti iwe wobwera iwe, uzikonza mafoni, za mudzi uno uzisiye. Kuyambira pamenepo ena asiya kupita ndi mafoni awo kwa iye. Sofiya akuti zimenezo si kanthu, ndisanene. Ndi kanthu.

Moyo wanga tsopano uli chonchi. Ndikafika kumjigo amachotsa ndowa zawo n'kuima patali, ndipope ndekha, ndikachoka amatsuka chogwirira ndi mchenga. Ana omwe ankadzaza nyumba ino amatola zitsononkho n'kumandiloza nazo panjira, amvekere, zima, agogo, zima! Kutchalitchi benchi lonse limakhala langa ndekha. Mkulu wa mpingo anabwera kudzandipempherera, anaima pabwalo, kumuuza lowani akuti ndathamanga.

Sola anthu ena anaiphwanya ndi mwala masanasana, ine ndili mkati ndikusenda chinangwa. Sanathawe n'komwe, ndinamva akuyenda pang'onopang'ono akucheza. Tivi ndiye inathera pomwepo. Dimba lija la kumtsinje, la amayi anga, Elson wayamba kale kubzalamo mpiru, akuti lisagone.

Ndinapitako kwa Lizzie kamodzi, ndinadikira Elson atapita kuntchito. Ndinamupeza akuchapa. Ndinakhala pansi potero, ndinati Lizzie, ndiyang'ane, ndine amene ndinakuchotsa matekenya m'mapazi. Sanadzutse mutu. Anangoti, amayi aang'ono, ndikakuonani ndimaona mwana wanga ali ndi chinthu chija m'manja, pitani. Sindikumuda, Rosie. Munthu amene waika mwana amafuna poti aloze. Kungoti chala chagwera ine.

Rimotiyo ndinafuna kuiponya m'chimbudzi. Sofiya anandigwira dzanja, akuti ikasowa anena kuti mwaibwezera kumanda. Ndiye ili pathebulo poyera, pepala ndinachotsa, mphira ndinachotsa. Ndimaiyang'ana, imandiyang'ana.

Bashiru akuti tipite kupolisi, akuti lamulo silimalola kutchula munthu mfiti. Ndikudziwa akunena zoona. Koma apolisi adzabwera pagalimoto, adzayankhula, adzabwerera kwawo. Ine ndidzatsala ndi mjigo womwewu ndi anthu omwewa. Ndipo akamutenga Elson, Lizzie amene waika mwana adzatsalanso wopanda mwamuna, ndiye adzati nkhalamba ija yadya awiri.

Tsopano imva chachikulu. Abale anakhala pansi, ndipo chimene agwirizana ndi choti akafukule bambo ako. Akawapeza marimoti awiri aja m'jekete, ndiye kuti ine ndilibe mlandu, Elson adzapepesa ndi mbuzi. Akapanda kuwapeza, sananene chimene chidzachitike, koma ine si mwana. Ndikakana zofukulazo, ndiye kuti ndavomera, ndichoke pamudzi. Amfumu anati khasu silingapite kumanda popanda mawu a ine mwini maliro, ndiye akudikira yankho langa Loweruka la malipiro a ku esiteti kumapeto kwa mwezi uno, poti ndi pamene mowa wa adzukulu okumba ungapezeke.

Ndisakunamize, nditamva ndinakondwera. Ndinalowa m'nyumba n'kuyang'ana mpando wa bambo ako, ndinati a Lenard, mundikhululukire, mudzuke pang'ono mundichitire umboni, mukatero mukagonenso. Ndinati munkakana kundigwiritsa chinthu chija, lero ndi chimene chindipulumutse. Tsiku limenelo ndinadya mpaka kukhuta.

Dzana m'mawa kunabwera Fanuel. Sanadzere kunjira, anadzera kunthochi kuseri. Kumupatsa mpando anakana, anagwada pakhomo la khitchini, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Amvekere, anti, zofukulazo musavomere. Ndinati chifukwa? Akuti amalume apume. Ndinati amalume ako akupuma bwinobwino, amene sakupuma ndine, nena chifukwa. Anayamba kukanda dothi ndi chala. Kenako anati, anti, m'jekete muja mulibe kanthu.

Sofiya wasiya kulemba, akundiyang'ana. Nayenso akumva lero. Lemba, mwanawe, lemba.

Akuti powaveka paja atamva cholimba chija anadziwa kuti n'chiyani. Anzake atatembenuka kukatenga nsalu, anasolola n'kuika m'thumba mwake. Maliro atangotha anakagulitsa kutsidya n'kumwera. Za kabuku ka nyimbo anangopeka pamene ndinamufunsa, ankayesa zithera pa kuseka.

Ndinati ndiye tiye ukanene pagulu. Analira ngati kamwana. Akuti anti, munthu wopisa m'thumba la maliro amamutcha chiyani kuno? Andiwotcha ine, ndili ndi ana ang'onoang'ono. Akuti mukanditchula ndidzakana, Baibulo ndidzagwira. Ndinati nanga ine, Fanuel? Akuti inu ndinu akuluakulu, mwina achita nanu manyazi. Anandisiyira kapaketi ka mchere pakhomo n'kubwerera kunthochi komwe anadzera.

Ndiye waona pamene ndaima. Ndikavomera, akatsegula bambo ako, apisa m'jekete lopanda kanthu mudzi wonse ukuona, makasu ali m'manja, mowa uli m'mutu. Ndikakana, ndine mfiti yovomera yokha. Ndikamutchula Fanuel, mawu anga ndi mawu ake, amvera ndani? Nkhalamba imene inazimitsa tivi ya Elson ili panja? Ndipo atandimvera, ndiye kuti ndapereka mwana wa mlamu wanga kumoto. Ndazungulira nazo m'mutu mpaka mutu kuwawa, khomo sindikuliona.

Kopita ndilibe. Agogo ako anachoka kutsidya ali atsikana kudzathyola tiyi, kumeneko sindidziwako ngakhale galu. Mchombo wanga unakwiriridwa pano, wakonso uli kuseri kwa nyumba ino. Malo ano ndi ako, Rosie, ndi a ana ako aakazi pambuyo pako. Ndikangotuluka ine ndi kamtolo pamutu, sudzawapezanso.

Loweruka ndikakana. Bambo ako mvula ya m'minda ya tiyi inawakwana ali moyo, asawatulutsenso panja kuti anyamata oledzera aziwapisa m'matumba. Ndipo kuchoka ndi miyendo yanga sindichoka. Ndidzasesa pabwalo, ndidzakhala pakhonde. Sofiya akuti ndikagone kwawo kumsika mpaka zizizire. Ndakana. Nyumba yawo ndi ya lendi, muli ana, ndipo ndawavutitsa kale mokwanira.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Bwera. Usatumize katundu, usatumize kanthu, bwera iwe mwini. Udzaime pabwalo unene kuti ndinagula ndine, pashopu yakutiyakuti, ndinakulunga ndi manja anga. Sindikunena kuti adzakumvera, Elson ananeneratu kuti mwana sangapereke mayi ake. Koma iwe ndi Lizzie munkagona mphasa imodzi, munkafunda chitenje chimodzi, mwina akakuona nkhope mtima wake udzabwerera pang'ono. Ndipo nyumba imene muli anthu awiri, wina wamphamvu zake wodziwa kukuwa, munthu amayamba waganiza asanaiyandikire.

Ndikudziwa za mapepala ako, kuti ukatuluka kulowanso n'kovuta. N'chifukwa chake maliro a bambo ako sunabwere, ndipo sindinakunenepo ngakhale mumtima. Ndikudziwa kuti ntchito ya kwa mabwana ako siidikira munthu, ndipo ana akudya pomwepo. Ndikudziwanso kuti a dalaivala anyamuka mawa ndi kalatayi koma m'malire amachedwa, mwina pamene ukuwerenga Loweruka ladutsa kale. Zonsezi ndikuzidziwa. Ndangoti ndinene ndi pakamwa panga, usadzamve kwa anthu ena mmene iwo adzafunire kukuuza.

Za rimoti usadziimbe mlandu. Unachita za mwana wabwino. Inagwira ntchito yake, palibe tsiku limene inandikana.

Upereke moni kwa apongozi anga, uwauze kuti ndikuthokoza mmene akukusungira. Moni kwa anzako a kwathu kuno amene muli nawo kumeneko, koma nkhaniyi usawauze, ili ndi miyendo. Ana uwagwire pamutu m'malo mwanga. Wamng'ono amene sindinamuone uja umuuze kuti ali ndi agogo ku Mulanje, dzina lawo a Emma, amalima nandolo. Zina akadzamva atakula, asadzavomere.

Nambala ya Sofiya walemba kuseri kwa pepalali. Ukalephera kubwera sindikwiya. Koma imba, mwana wanga, ndimve mawu ako Loweruka lisanafike.

Muluku akusunge iwe ndi nyumba yako, akutsekulire njira kumene ine sindikuiona.

Ndine mayi ako,
Emma.

Dzina walemba ndi Sofiya, chala chadindachi ndi changa.